Koleji imene inakuchotsani chifukwa cha ine

Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Biwi tilipo. Ndiyambe ndi funso limene landizunguza sabata yonseyi: kodi anakhazikitsa ndani lamulo lakuti munthu asamanene zoipa za sukulu imene yamuphunzitsa? Amalume a ku Chinsapo akuti ndi mwambo. Abusa akuti ndi ulemu. Ine ndikuona kuti ndi mantha chabe, angowaveka tayi.

Koma poyamba za pakhomo. Mng'ono wanga Mphatso anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukalinso ndi wanu: akafuna bere sadikira munthu. Chimanga chimene munasiya mutabzala kuseri kwa nyumba tinakolola, koma anankafumbwe anatithandiza kudya. Malata a kuchipinda kwanu akudonthabe. Alandilodi amabwera, amayang'ana m'mwamba, amapukusa mutu, n'kumapita. Ana amene munkawaphunzitsa kuwerenga pakhonde amasuzumirabe akamadutsa, ndipo bolodi lanu sitinalichotse.

Digiri ndatenga, Amayi, ku sukulu yanu yomwe ija. M'kalasi mwathu ndinakhoza kuposa onse, ndiye akuluakulu anandisankha kuti pa tsiku lolandira madigiri ndiwerenge mbiri ya yunivesite, kuyambira pamene inali koleji ya aphunzitsi. Anandinong'onezanso kuti pali malo a wothandizira kuphunzitsa, ndipo ndikawerenga bwino malowo ndi anga. Ndinkawafuna, sindikubisirani. Anzanga amene anamaliza chaka chatha akugulitsa mayunitsi ku depoti, madigiri atawatsekera m'sutukesi.

Pepala lake anandilembera okha. Munali za njerwa zokhazokha: laibulale anaimanga liti, mitengo ya jakaranda anabzala ndani, ndi bwana uti anadula riboni tsiku limene anafufuta mawu akuti koleji pa chikwangwani n'kupentapo yunivesite. Nyumba yogona atsikana ija, mmene matroni ankakufoletsani temu ikatsegulidwa n'kumakudinani pamimba mmodzimmodzi, lero ndi chipinda cha makompyuta, ndipo pepalalo limaitcha chizindikiro cha chitukuko. Makompyuta akenso ambiri sayaka. Za atsikana amene ankapezeka ndi pakati n'kuuzidwa kuti alongedze dzuwa lisanalowe, munalibe ngakhale mzere umodzi. Za anyamata amene ankatsala n'kumaliza maphunziro munali zambiri, chifukwa ndi omwewo anakhala kutsogolo tsiku limenelo, atavala mikanjo, akuwatcha ana oyamba a sukulu ino. Bambo anga anali pa mzere woyamba. Anenepa, Amayi. Khosi lawo silionekanso.

Munkakonda kundiuza kuti, "Tiya, mawu ako uziyamba wawalawa usanawatulutse." Ndinawalawa, ndipo anali bwino. Ndinakumbukiranso mmene munkawayankhira azimayi a kumpopi akamakunenani kuti ndinu mphunzitsi wopanda pepala: "Koleji ndinamaliza ine, kungoti satifiketi yanga imayenda ndi miyendo iwiri." Tsono satifiketiyo inaimirira pamaso pa anthu.

Ndinawerenga mpaka pa jakaranda. Kenako ndinapinda pepala n'kuwauza kuti ineyo ndine wophunzira wakale ngati abwana ali kutsogolowa, chifukwa m'kalasi za pano ndinalowa koyamba ndili m'mimba mwa amayi anga, ndipo anatithamangitsa tonse awiri. Ndinatchula dzina lanu lonse. La bambo sindinatchule. Ndinangowayang'ana, ndipo anthu anatsatira maso anga. Pomwepo maikolofoni inazima. Akuti magetsi anathima, koma kwaya itaimirira kiyibodi inalira bwinobwino.

Mwambo utatha, mkulu wa dipatimenti yathu anandipeza panja. "Achemwali, zinazi n'zakale, mwaononga tsiku la anzanu." Ndinawafunsa kuti nanga anandituma kuwerenga chiyani, si zakale? Anangokonza mkanjo wawo n'kupita kukajambulitsa. Anthu amenewa amaphunzitsa ana a eni ake kufufuza choonadi, kulemba mabuku, kufunsa mafunso, koma mbiri ya pakhomo pawo amaisesera kuseri kwa chitseko ngati zinyalala alendo akamabwera. Dzina anasintha, geti anakulitsa, anthu ake ndi omwe aja.

Malo aja anapatsa mnyamata wina amene amadziwa kuwomba m'manja pa nthawi yake. Zinandiwawa, ndipo ndinalira m'basi njira yonse yobwerera ku Lilongwe. Sabata yatha amalume anabwera ndi uthenga: bambo akuti angathe kundilankhulira kwa akuluakulu, bola ndilembe kalata yopepesa. Moyo wanga wonse sanandigulirepo ngakhale pensulo, lero akufuna kundibwereka cholembera. Amalume anakhala mpaka tiyi kuzizira, akundiuza kuti mwana wamkazi sakula ndi mtima wotere. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji mwaulemu wonse.

Lolemba ndinasita siketi yanu yakuda, ndinakwera minibasi ya ku Area 25, n'kukayamba ntchito pa kasekondale kena kapulaiveti kuseri kwa msika. Fomu 2, chipinda chopanda siling'i, ana akukhala atatuatatu pa desiki. Mwini sukulu anandifunsa ngati munthu wa digiri angapirire pamalo ngati pamenepo. Ndinamuuza kuti sindikhalitsa, koma ndisanachoke ndikufuna kudziwa chimene amachita mtsikana akatenga pakati. Anayamba kutsokomola. Ndiyamba ndi iyeyo.

Chiliza chanu ndimanga mvula isanagwe, ndipo pansi pa dzina lanu ndilembetsa kuti Mphunzitsi. Sindikapempha chilolezo kwa wina aliyense.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike