Yisiti Amene Wagwira Achimwene

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo ndatopa mumtima.

M'mawa ndinayang'ananso mbale zanga zomeretseramo yisiti mu labu. Yisiti amene ndikufufuza si wophikira buledi uja, koma ndi yemweyo amene walowa mu ubongo wa achimwene a Fulanko n'kuwapatsa matenda oumitsa khosi. Kwa masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikuphatikiza yisiti wochokera kwa odwala ndi amene ndinakapala pa makungwa a bulugamu kuphiri, kuti ndione ngati angaberekane. Nthawi zambiri pamafunika mitundu iwiri, ngati chachimuna ndi chachikazi. Wanga yense ndi wa mtundu umodzi, choncho sindimayembekezera kanthu.

Koma lero pa maikulosikopu ndaona timaulusi tatuluka m'mphepete mwa yisitiyo, tili ndi njere kunsonga. Aphunzitsi anga anakondwa kwambiri. Anati, "Mwaona, Esinati? Ameneyu amaberekana ngakhale popanda wa mtundu winawo. Ndipo ana ake ena akhoza kupirira mankhwala."

Ine sindinakondwe. Masana ndinapita ndi phala kuchipatala. Achimwene sanandizindikire, amangogwira mutu. Alamu ananditsatira pakhonde n'kufunsa, "Inu mumaphunzira za matendawa, tandiuzani zoona. Mapiritsiwa akugwira ntchito?" Ndinati akugwira, tingodikira masiku awiri. Ndinanama, ndipo iwo anadziwa, poti anangolandira phalalo n'kubwerera m'wodi.

Loweruka amayi akubwera kuchokera ku Songani. Akuganiza kuti ndi malungo chabe. Ndikawachingamira kudepoti, koma chimene ndikawauze panjira yopita kuchipatala sindikuchidziwa...