Katsabola Wandiona Ndikuphethira

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Msana uja unaleka kukuvutani, kapena mukadaweramirabe mawailesi a anthu tsiku lonse? Alamu ali bwanji ndi chifuwa chija? Ine kuno ndili bwino. Ntchito yochapa ndi kusita ikuyenda, kungoti msewu wathu aukumba, ndiye basi imatisiya patali ndipo timafika kuntchito nsapato zili mbuu.

Mukudziwa chimene chakhala chikundidya mumtima. Tsiku lija mwana wanga Katsabola anakana kubwera pa foni ya vidiyo imene inkangoimaima, n'kunena kuti ameneyo si amayi ake koma chithunzi, chifukwa amayi ake sauma kukamwa kuli yasa. Inu munaseka, alamu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma foni itaduka ndinalira. Ndinakusiyirani mwanayo akuphunzira kumene kumanga nsapato, ndipo ndinaona kuti ndikachedwa adzandiiwala ndili moyo.

Vuto silinali la foni yanu ayi, linali kuno. M'nyumba muno intaneti ndi ya mayi eni nyumba. Modemu yawo, kabokosi kamene kamalandira intaneti kuchokera ku kampani, imakhala pabalaza pansi, pamwamba pa kabati, itafunditsidwa kansalu koluka ngati khanda. Ife timagona m'chipinda cham'mwamba, kumapeto kwa khonde. Netiweki ikamafika kwathu imakhala itatopa kale, ndipo yotsalayo nesi amene ndimakhala naye chipinda amaimaliza ndi mafilimu ake.

Nditadandaula kuntchito, dalaivala wathu anandipatsa rauta yakale imene amafuna kutaya. Kameneka ndi kabokosi kena, kamalandira intaneti pa waya n'kuimwaza m'chipinda. Anandiuziratu kuti kampani imene inamugulitsa inaitseka, moti imakana intaneti ya wina aliyense. Anati ilipo pulogalamu ina yaulere imene anthu ongodzipereka analemba, ndipo ukaiika imafufuta yakale ija rauta n'kuyamba kumvera iwe. Koma anandichenjeza kuti ndikalakwitsa mtundu wa pulogalamuyo, kapena magetsi akaduka ili pakati, ndidzatsala ndi njerwa yokhala ndi tinyanga.

Ndikudziwa mukuseka, inu amene munkati ine ngakhale babu sindingasinthe. Sekani, koma werengani mpaka kumapeto.

Tsiku langa lopuma ndinabwereka laputopu ya nesi. Ndinatembenuza rauta, n'kuwerenga nambala yapansi pake, n'kuifananitsa ndi ya pulogalamu mobwerezabwereza mpaka maso anachita madzi. Kenako ndinadina. Kagetsi ka rauta kanayamba kuphethira. Nthawi yomweyo nesi anabwera ndi ketulo yake kuti azule pulagi yanga awiritse madzi. Ndinamuyang'ana ndi diso loopsa, ndipo anabwerera chambuyo ndi ketulo yakeyo. Patapita kanthawi kagetsi kanakhazikika, pa laputopu panatseguka tsamba latsopano. Njerwa ndinaipewa.

Mayi eni nyumba anandilola kukoka waya kuchokera ku modemu yawo, koma anati ndisaononge penti ndipo kansalu kaja ndikabwezere mmene ndinakapezera. Ndinayendetsa wayayo m'mbali mwa masitepe mpaka m'chipinda chathu. Apa m'pamene ndinapalamula. Kumbuyo kwa rauta kuli mabowo angapo achikasu ndi limodzi la buluu. Ine posangalala ndinangolowetsa waya m'bowo lachikasu, poti ndi limene linali pafupi ndi dzanja.

Sipanatenge nthawi, telala wa chipinda chapansi anayamba kukuwa kuti zithunzi za madiresi zimene makasitomala amamutumizira zasiya kufika. Nyimbo za kwaya zimene mayi eni nyumba amaonera pa foni zinaima pakati pa vesi. Ndinamva masitepe akulira, mayiwo akukwera uku akupumira m'mwamba. Anaima pakhomo n'kunena kuti anadziwa kuti zidzathera pamenepa, kuti nyumba yawo si sukulu yophunzirira zamawaya, ndipo akukazula waya wangayo nkhani ithe. Achimwene, ndinagwada. Ndinawauza za Katsabola ndi mawu ake aja. Kenako anati akukamwa tiyi, ndipo kapu ikatha intaneti isanabwere, waya akazula okha.

Ndinakumbukira mawu anu akuti wailesi ikakana osaimenya, uyambe waifunsa. Ndinakhala pansi n'kuwerenganso malangizo modekha. Ndinapeza kuti modemu ndi imene imagawa manambala kwa mafoni onse a m'nyumba, kuti iliyonse idziwe njira yotulukira. Rauta yanga, poilowetsa pabowo lachikasu, nayonso inayamba kugawa manambala ake kwa nyumba yonse, n'kumaitanira mafoni a anthu kwa iyo pamene njira yotulukira inalibe. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndinazula waya, ndinamulowetsa m'bowo la buluu, n'kuthamangira pansi kukauza aliyense kuti azimitse foni n'kuyatsanso. Kwaya inapitiriza vesi lake, telala anasiya kukuwa, ndipo kapu ya mayi inali isanathe.

Koma kwathu m'mwamba kunalibe kanthu. Ndinafufuza n'kupeza kuti rauta yanga ndi modemu ya mayi zinali ndi adiresi imodzi, ngati nyumba ziwiri za nambala yofanana mumsewu umodzi. Uthenga umasokonekera kuti ulowe khomo liti. Ndinasintha nambala imodzi yokha pa adiresi ya rauta yanga, n'kuiyatsanso. Foni yanga inalira ndi mauthenga onse amene anatsakamira. Ndinavina ndekha pakati pa chipinda, nesi n'kumafunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Chimene chandisangalatsa kwambiri m'pulogalamu yatsopanoyi n'chakuti imamva ukaiuza choyenera kudutsa patsogolo. Ndaiuza kuti ndikamayankhula ndi kwathu, mafilimu adikire kaye. Nesi sanazindikire n'komwe, ndipo inu musadzamuuze. Ndaikanso mawu achinsinsi, chifukwa telala wayamba kale kuima pamasitepe ndi foni yake, ati akupuma mphepo.

Za Lamlungu lapitali mukudziwa kuti foni sinaduke, koma simunaone zonse, chifukwa kunabwera munthu ndi wailesi ndipo munamusiyira mwana foni m'manja. Katsabola anandiyang'ana nthawi yaitali ngati wapolisi. Anandiuza kuti ndiphethire, ndinaphethira. Anati nditulutse lilime, ndinatulutsa. Anati ndipukuse mutu mwachangu, ndinapukusa mpaka duku linagwa. Pamenepo anaseka, anabweretsa nkhope pafupi mpaka ndinangoona mphuno, anayasamula n'kundionetsa dzino lakutsogolo limene likugwedera. Anandiitana kuti amayi, popanda womuuza, n'kundifunsa ngati lidzapweteka pochoka. Ndinamuyankha, ndipo sindinaume ngakhale kamodzi.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndalemba m'kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu. Ndikaimba, mpatseni mwanayo foni m'manja mwake, inu mutuluke panja. Musamaime kumbuyo kwake n'kumamuuza kuti apereke moni, athokoze, anene kuti akukhoza kusukulu. Ndikudziwa mumachita zimenezi pofuna kundisangalatsa, ndipo mmene mwamulerera inu ndi alamu ndilibe mawu okwanira othokozera. Koma ndikufuna azindiuza zake, ngakhale zikhale za nyerere zimene waona pakhonde. Akagwetsa foniyo, mwini ntchito yokonza muli pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze amwe mankhwala mpaka athe. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa asuweni onse, ndi kwa ana anu amene akusewera ndi wanga ngati wobadwa naye mimba imodzi. Katsabola mumuuze kuti dzino lija likachoka asalibise, ndikufuna kuona mpatawo ndi maso anga, ndipo akadzaseka adzandiona ndikuseka naye nthawi yomweyo.

Ndine mlongo wanu amene sankatha kusintha babu,
Amayi ake a Katsabola