Bambo Awameta Ndevu

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Ife kuno tilipo, kupatula bondo langali lomwe limalosera mvula kuposa a zanyengo.

Ndikulembera za bambo. Uwerenge utakhala pansi, ndipo usayambe kunena kuti ndimakokomeza zinthu.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe unawasiya kwabwera mayi wofufuza wochokera kuboma. Chaka chino kwamwalira anthu ambiri, onse mwakachetechete, ali m'tulo. A Matironi, oyang'anira nyumbayo, akuti ndi ukalamba. Mayi wofufuzayo sakutsutsa. Amangoyenda m'makonde n'kumagwira okalamba chanza, osafulumira kuwasiya.

Nditamufunsa chomwe amafuna m'manja mwa anthu, anati waona zithunzi za onse omwe anamwalira, ndipo sanaonepo mitembo yaukhondo chotero: tsitsi lometa, zikhadabo zowenga, khungu lodzola mafuta. Kenako anati ndiyang'ane amoyo. Ndinayang'ana. Zikhadabo ngati za nkhuku, ndevu zoyangayanga, milomo yong'aluka ndi ludzu.

Okalambawo anazindikira kalekale. Anandimasulira ndi mdala wa bedi loyandikana ndi la bambo, yemwe anzake amamutcha Wailesi chifukwa sazima. Akuti munthu akayamba kuvuta, kuitanaitana kapena kunyowetsa zofunda, amamuwonjezera mapiritsi ogonetsa. Akagona sadya, samwa, ndipo palibe womudzutsa. Antchito akaona kuti watsala pang'ono kumwalira amaitana wometa, kuti achibale akabwera adzathokoze chisamaliro. Ndipo amathokozadi, ena mpaka misozi.

Wometayo akuti ndi munthu wabwinobwino, woimba mluzu, sadziwa kanthu. Koma akangolowa pageti ndi kachikwama kake, agogo aakazi amabisa manja m'khwapa, aamuna amatembenukira kukhoma. Wailesi anasisita ndevu zake monyada, nati imeneyo ndiyo inshuwalansi yake.

Ine ndinaseka. Umandidziwa, nkhani za pabedi la wodwala ndimazimvera khutu limodzi.

Lachiwiri masana ndinapeza bambo atawameta.

Anagona chagada pa nsalu zoyera zomwe sindinazionepo m'nyumba imeneyo, chibwano chili see, akununkhira sopo. Ndinawagwedeza mpaka mkono kutopa. Atatsegula maso anamwetulira, nandifunsa ngati mkwatibwi wafika kale kutchalitchi, poti safuna kumudikiritsa. Amanena mayi athu, omwe tinawaika m'manda iwe usanakwatire. Anagonanso ndisanayankhe.

M'chipinda monse munali zii. Anzawo ankabwera mmodzimmodzi, kuwagwira phazi, n'kubwerera pamabedi awo. Ngakhale Wailesi anazima. Pomwe ndinkanyamuka m'pamene anandikodola, nandipempha mwaulemu kwambiri kuti masilipasi a bambo ndisadzapatse munthu wina, ake anaduka.

Ndinapita kwa a Matironi. Anandifunsa ngati sindikukondwa kuona bambo anga ali aukhondo. Nditati ndikuwatenga, anati lamulo lawo ndi lakuti wotulutsa munthu ndi yemwe anamubweretsa, abwere yekha ndi miyendo yake. Anatero akumwetulira, n'kundifunsa za bondo langa.

Mayi wofufuza waitanitsa dokotala wakunja kuti adzaone mapiritsiwo, koma zaboma umazidziwa kayendedwe kake. Anati pakadali pano sangaloze munthu chala. Kenako anandifunsa ngati kwathu kuli chipinda chopanda munthu. Nditavomera, anati nanga ndikuimiranji pamenepo n'kumacheza naye.

Tsopano ndimapitako m'mawa uliwonse n'kukhala mpaka andithamangitse. Ndimawamwetsa madzi ndi sipuni, pang'onopang'ono. Dzulo anandizindikira, nandidzudzula kuti ndanenepa. Sindinakondwepo ndi mwano ngati dzulo. Koma mapiritsi amawapatsa ine nditachoka, ndipo lero sanatsegule maso.

Sindikukuimba mlandu. Tinagwirizana tonse zowapititsa kumeneko, iwe unangokhala wowanyamula. Koma tsopano pakufunika iweyo. Usaimbire foni a Matironi, akuuza kuti bambo akupeza bwino, ndipo iwe ukhulupirira chifukwa uli kutali. Bwana wako umuuze chilichonse chomwe angamve. Ubwere ndi chitupa chako. Bedi ndayala kale m'chipinda chopanda munthu chija, galimoto ya aneba ndapempha.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze andikhululukire pokulanda mwadzidzidzi. Ana uwauze kuti azakhali awo amawakumbukira. Mulungu akusunge panjira, ndipo asunge bambo kufikira utafika.

Ukwere basi yoyamba. Ukawaona usanyengeke, akuoneka bwino kuposa tsiku lomwe unawasiya.

Ndine mlongo wako wamkulu.