Buledi woluka wa a Danieli

Lachisanu, 23 Okutobala 2020, Al Aziziya

Lero mtima walemera. Alendo kuhotela adakali ochepa chifukwa cha korona, choncho m'bekare tinalimo awiri, ine ndi shefu wanga, a Danieli, Myuda wa ku Argentina. Mayi awo anamwalira sabata yatha, ndipo ndege zopita kwawo kulibe. Maliro anaonera pa foni.

Masana anandiitana. "Yohane, samba m'manja, undithandize kuluka."

Tinakanda ufa wa tirigu ndi mazira, n'kupota zingwe zitatu zoti tiluke ngati tsitsi. Akuti dzina lake ndi hala, buledi wa Sabata. Ayuda a ku Yemen amaphika wawo mumphika wovundikira, a ku Ethiopia wawo ndi wobulungira, koma wolukayu anawaphunzitsa ndi mayi awo. A Danieli anatsina kachidutswa ka ufa wokandawo n'kukawotcha mu uvuni akunong'ona pemphero. Kenako anandisiyira zingwezo, moti ndinamaliza kuluka ndine.

M'thumba ndinali ndi kalata yanga ya notisi yosiya ntchito. Lamulo latsopano likulola kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndipo hotela ina ku Al Duhail yandilonjeza malo.

Atandinyemera buledi wotentha anati, "Lachisanu likubwerali uluka wekha."

Ndinangoti, "Chabwino, shefu." Kalata sindinapereke. Mwina Lamlungu, kaya.