Maenvulopu Atatu Obiriwira a Shukri

Kuala Kangsar
Tsiku lachisanu ndi chimodzi la Raya

Wokondedwa mwana wanga Suriati,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi bambo a ana, a Kamarul, ndi adzukulu anga atatuwo. Kodi chifuwa cha Wafiq chinatha? Unati chatenga masiku asanu ndi anayi. Chikafika milungu iwiri usadalirenso uchi, pita naye kuchipatala.

Ine ndili bwino, kupatula bondo lamanzere. Masitepe a kumzikiti akadali asanu ndi awiri, koma masiku ano ndimapumira pa lachinayi.

Raya, chikondwerero chathu cha Idi, tinadya bwino. Ndinaluka maketupati, timitanga tophikiramo mpunga tija, makumi asanu ndi limodzi, anatsala anayi. Alendo anabwera 43, osawerengera makanda. Inu asanu ndi amene tinakusowani, koma ndikudziwa kuti ndege ya ku Sandakan si basi ya ku Ipoh.

Udabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Pafoni iwe umayankhula mothamanga, ine n'kumangovomera. Nkhani iyi ikufuna kuyalidwa bwinobwino. M'phukusili mulinso zinthu zinayi, ndipo usazikhudze usanamalize kuwerenga.

Ukudziwa kuti chimugundire lole ija mlongo wako Shukri, boma lakhala likumupatsa ndalama ya olumala osatha kugwira ntchito. Yabwera miyezi 127, osaphonya. Ndi yochepa, koma ine ndinkaiona ngati mzati wa nyumba ino. Ndili ndi zaka 74. Ndinkati ndikadzapita, ndalama imeneyo ndiyo idzakhale mayi wake.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachedwa kuwerenga. Tsiku lina chaka chatha ndinawerenga mawu amene Shukri anayankhula kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ali pachikuku chake pazenera paja. Anali khumi ndi anayi. Asanu mwa mawuwo anali "iyayi". Ndinaona kuti ndi ochepa, koma ndinadzitonthoza kuti bola akudya.

Kenako makina anga osokera aja, amene bambo ako anandigulira iwe uli ndi zaka ziwiri, anayamba kudula ulusi. Ndinati tiwataye. Shukri anati ndiwaike patebulo. Anawamasula onse, tizitsulo 68, n'kutindanditsa m'thireyi ya tiyi. Ndinamuuza kuti wawapheratu. Iye anati, "Mak, munati tiwataye. Munthu sapha mtembo." Tsiku lachitatu makinawo anasoka bwino kuposa mmene ankasokera ali atsopano.

A Esah, atelala a kuseri kuno, anabweretsa awo. Iwo anauza anzawo. Pofika miyezi isanu ndi umodzi, makina 29 anali atadutsa patebulo lathu lodyera, ndipo mpunga wathu unkamveka mafuta a makina. Mbiri inafika kwa a Teoh, a sitolo ya makina osokera pafupi ndi msika. Anabwera okha kunyumba, nati akufuna womuika pabenchi, wa malipiro a pamwezi, mwezi wa kusala usanafike, chifukwa nthawi imeneyo atelala onse amasoka zovala za Raya mpaka makina kutentha.

Lamulo ukulidziwa. Ndalama ija ndi ya osatha kugwira ntchito, ndipo munthu akalembedwa ntchito imaimitsidwa. Shukri anati akapita yekha kuofesi kukanena. Apo m'pamene ndinakuimbira kuti umukalipire. Unamukalipiradi. Ndinali kuseri kwa chitseko pamene unamufunsa ngati akufuna kupha Mak ndi nkhawa. Mawu amenewo usadziimbe nawo mlandu, ndinakupatsa ndine.

Tsopano ndikuuze chimene sukudziwa.

Lachiwiri lotsatira ndinavala mpango wanga wabwino, n'kupita kusitolo kwa a Teoh. Kuchokera pamalo otsikira basi ndi mapazi 212, ndipo phazi lililonse ndinali ndi mpata wobwerera. Sindinabwerere. Ndinawauza kuti Shukri amakomoka, ndipo adokotala anamuletsa kugwira zitsulo zakuthwa. Suriati, mlongo wako sanakomokepo chibadwire. Ine amene ndinaphunzitsa masamu zaka 33, n'kumakwapula ana obera mayeso, ndinaima masana dzuwa likuswa mtengo n'kunamizira mwana wanga matenda.

A Teoh anali mwana wa m'kalasi mwanga kale. Anandipatsa mpando, nandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi nati, "Aphunzitsi, ine munkandipatsa 31 pa 100, ndipo sindikutsutsa. Koma samu iyi ndiitha. Ntchito yanga imafuna zala khumi. Mwana wanu ali nazo zingati?" Ndinati khumi. Iwo anati, "Ndiye yakwana. Akakomoka, agwera pachikuku chake chomwecho, wakhala kale."

Ndinatuluka ndi manyazi. Pobwerera sindinawerenge mapazi.

Shukri anapitadi kuofesi. Akuti mayi wa padesiki anamufunsa katatu ngati akudziwa chimene akusainira, pakuti kuibwezeretsa ndalamayo kumatenga nthawi. Iye akuti anayankha kuti akudziwa, wakhala akuchiganizira zaka khumi, ndipo analibe china chochita.

Wowotcherera wa pamsika anawonjezera teyala lachitatu panjinga yake yamoto yakale ija, ndi kabwalo kokwezapo chikuku. Tsiku loyamba ndinaima pageti mpaka anakhota pamzikiti. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ena kawiri.

Mwezi wa kusala wokha anakonza makina 112. Ankapita ngakhale m'nyumba za atelala, ali ndi njala ndi ludzu ngati wina aliyense. Sindikubisa, si zonse zili bwino. Malipiro si aakulu. Kachilonda ka pantchafu kaja kanatsegukanso chifukwa chokhalitsa, ndipo ndimakatsuka kawiri patsiku. Tsiku lina teyala la chikuku linalowa m'ngalande, iye n'kugwera m'matope, atelala awiri achizimayi n'kumunyamula. Ndinkati afika akulira. Anafika akuseka, akuti, "Mak, zaka khumi palibe mkazi anandigwirapo, lero awiri nthawi imodzi!" Ndinamukalipira chifukwa cha pakamwa pakepo, koma kukhitchini ndinaseka ndekha.

Ndinayesanso kuwerenga mawu ake tsiku lina. Ndinalekera pa 400, tisanamasule kusala n'komwe.

M'mawa wa Raya, titabwera kumapemphero, ndinakhala pampando wa bambo ako kuti ana apepese monga mwa nthawi zonse. Popeza iwe kunalibe, woyamba anali Shukri. Anayandikitsa chikuku, natenga dzanja langa kuti aliike pamphumi. Ndinalibweza. Ndinatsika pampando, bondo lomweli likulira, n'kugwada patsogolo pake. Azakhali ako a Rohana anafuula kuti kodi ndapenga, wamkulu sagwadira mwana. Ndinati lero agwada. Ndinanena zonse, za foni, za sitolo, za kukomoka, anthu khumi ndi mmodzi akumva.

Shukri anati ankadziwa. A Teoh sanamuuze kanthu, koma tsiku loyamba anaika pilo pansi pa benchi, nati ndi wogwerapo akakomoka, ndipo iye anazindikira yekha kumene nkhaniyo inachokera. Miyezi itatu yonse ankadya mpunga wanga, n'kumandithokoza, osatchula kanthu. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati ankadziwa kuti si chidani, ndi mantha, ndipo mantha a mayi sawakonza ndi sikuludiraiva, amangodikira. Kenako anati, "Dzukani, Mak. M'nyumba muno wolephera kuimirira mmodzi akwana."

Anandidzutsa ndi mikono yake iwiriyo. Ili ndi mphamvu kuposa mmene ndinkadziwira.

Itafika nthawi ya maenvulopu a ndalama za Raya, ana anandanda. Ukukumbukira mmene zakhalira zaka zonsezi. Ogwira ntchito amapereka, ana amalandira, ndipo ife tinkamaliza ndi Shukri, bambo wa zaka 38, kumuikira envulopu pamiyendo pambuyo pa makanda. Ankati zikomo akuyang'ana pansi. Tinkayesa chikondi. Palibe mmodzi wa ife anafunsa kuti zimamveka bwanji.

Chaka chino anapisa dzanja m'thumba la malaya ake, natulutsa mpukutu wa maenvulopu obiriwira. Khumi ndi asanu ndi awiri, lililonse lolembedwa dzina. Ana anasokonezeka, osadziwa ngati n'zololedwa. Iye anati, "Bwanji, mukuyesa ndi zabodza? Bwerani, musanandikwiyitse n'kukuthamangitsani." Anamuunjirira mpaka chikuku osaoneka.

Lomaliza linali langa. Analemba kuti "Mak".

Tsopano tsegula phukusi. Muli maenvulopu atatu, la Irdina, la Hadif ndi la Wafiq, ochokera kwa amalume awo. Lachinayi ndi lako lija unatumiza pamodzi ndi a ana, lolembedwa dzina la Shukri. Sanalitsegule. Anati, "Muwauze achemwali anga, a Kak Long, kuti zikomo, koma ndakula."

Usakwiye. Ndikudziwa unandiuza pafoni kuti ana ako sangalandire ndalama ya munthu wa pachikuku, kuti kungakhale ngati kulanda. Mawu amenewo sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Ndikudziwanso kuti iwe wamusenza mlongo wako zaka khumi, matewera, mankhwala, matiresi, osadandaula. Allah anaona zonsezo. Koma mwanawe, kupatsa tinakuphunzira bwino ine ndi iwe. Chimene chatsala n'kulandira, ndipo n'chovuta kuposa.

Ukabweza maenvulopu amenewa, sadzadandaula. Adzati zikomo akuyang'ana pansi, ndipo ine ndidzayambanso kuwerenga mawu khumi ndi anayi. Ndikukupempha, uwapatse anawo m'manja, uwauze kuti amalume awo anawagwirira ntchito, makina 112. Kenako amuimbire okha kuthokoza. Iwenso ukamayankhula naye, usatchule za ofesi. Umufunse za makina. Ukonzekeretu, sasiya msanga.

Mantha sanandithere. Ntchito ikhoza kutha, chilonda chikhoza kukula. Koma samu yanga ija ndinalakwitsa. Ndinawerenga miyezi 127 imene ndalama inalowa, osawerenga kuti m'miyezi yomweyo muli masiku oposa 3,800 amene mwana wanga anakhala pazenera.

Undiperekere moni kwa a Kamarul ndi kwa apongozi ako. Adzukulu anga uwapsompsone kamodzi aliyense, Wafiq kawiri. Azakhali ako a Rohana akupereka moni, ngakhale akadali okhumudwa ndi kugwada kuja. Allah akusungeni nonse, akupatseni moyo wautali ndi mitima yofewa. Pamene ndakulakwira, poonekera ndi pobisika, undikhululukire.

Envulopu langa ndaliika m'bokosi la makina osokera. Ukudziwa kuti ine chilichonse cholowa m'nyumba muno ndimawerenga, koma ili sindinalitsegule, ndipo sindidzalitsegula. Zala zokha n'zomwe sizimvera, zinalipapasa. Muli mapepala awiri a ndalama.

Ndine mayi wako wokukonda,
Zaharah binti Samad