Wendell ndi Makadi a Zithunzi

Okondedwa azakhali a Loretta,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halifax ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno ku Moose Jaw kukungozizira, ndipo ine ndatopa.

Amuna anga a Wendell akupezako bwino chidwalireni sitiroko ija. Akuyenda okha, koma mawu ndiye akuwathawabe. Lachiwiri lililonse kumabwera mayi wina wachipatala ndi makadi a zithunzi. Atawaonetsa fosholo, a Wendell anaimirira n'kumachita ngati akukokola chipale chofewa pakhomo, koma pakamwa panatuluka "Supuni!" Mayiyo akuti chinthucho m'mutu chilimo, chasowa ndi dzina lokha.

Dzulo anawaonetsa chithunzi cha banja lathu. Galu wathu anamutchula dzina lake msangamsanga, "Biscuit!" Mayiyo ataloza ine, a Wendell anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Uyu... wabwino."

"Zaka makumi atatu ndikukuphikirani, bambo inu, galu n'kundipambana?" ndinatero, tonse n'kuseka. Kenako ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu otsukatsuka kale.

Azakhali, ngati fosholo ilimo m'mutumo, ndiye kuti inenso ndilimo, eti? Musavutike n'kuyankha. Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mwana wanu,
Darlene