Foni Pampando wa Amalume

Springburn,
Glasgow.

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Kuno tilipo, chisanu chayamba kutha ndipo mitengo yaphukira. Kungoti mlamu wanu Ethel akundiyankha mawu amodziamodzi chiyambire Loweruka lija.

Ndalemba pamanja n'kupatsira mayi Vera a kutchalitchi kwathu, amene akukwera ndege mawa, chifukwa foni yanga simukuyankha. Sindikukuimbani mlandu.

Chithunzi cha mbalame munachiona kale, koma imvani mmene zinayendera. Kuntchito kuli mnzanga Eddie, timayendetsa limodzi mabasi. Munthuyu mbalame zinamulowa m'magazi. Chaka chatha anandipatsa kamera yake yakale, matenda akewo n'kundipatsiranso. Lachisanu anandinong'oneza kuti makireni abwerera kudambo lina kumpoto, kupitirira Aberdeen. Ndi mbalame zotuwa, zazitali miyendo ngati dokowe, zimathawa chisanu n'kubwerera nyengo ino kudzaikira mazira. Ndi zochepa kwambiri moti anthu amabisirana malo ake. Ine ndinati tinyamuka m'mamawa, ndijambule, ndipo pamene akuchimuna azifika kwanuko kudzafunsira mwana wanu Tiyanjane, ndidzakhala ndili phee m'galimoto, foni kukhutu. Ethel anandichenjeza. Ndinamuuza kuti za kamera iye sazidziwa.

Tinadikira m'matope mpaka zala kuuma, mbalame osaoneka. Zinatera masana, ziwiri, n'kuyamba kuvina. Achemwali, zimaweramirana, kudumpha, kutola timitengo n'kuponya m'mwamba. Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba. Sindinama kuti kunalibe netiweki, ndinaimva bwinobwino. Eddie anandiyang'ana chala chili pakamwa, ine mumtima ndinati ndijambuleko kamodzi kokha. Inanjenjemeranso, ine kamodzi kenanso. Pamene mbalamezo zinkauluka, foni inali itatopa kalekale.

Ndinaimba, simunayankhe. Ndinadzinamiza kuti alendo achedwa, n'kuika chithunzi pa WhatsApp kuti anzanga aone luso langa. Madzulo, mantha atandigwira, ndinakulemberani kuti ndinapanikizika kuntchito. Kenako ndinaona kuti dzina lanu ndi loyamba pa anthu amene anaona chithunzicho. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire.

Mng'ono wanga Thom anandifotokozera zonse Lamlungu, mosakweza mawu, ndipo bola akanandikalipira. Akuti munatulutsa mpando wa malemu amalume n'kuikapo foni poti ndi malo anga. Akuti alendo anakhala pamphasa kuyang'ana foni ikuitana. Amalume ake a Japhet, mnyamata wofunsirayo, anafunsa ngati kwathu mkamwini timamukana chotero, nanena kuti sanachoke ku Ntcheu kudzalankhula ndi mpando. Anapita nkhuku ili pamoto. Akutinso Tiyanjane sakupita kukwaya, akungodzitsekera m'chipinda. Mwana amene dzina ndinamutcha ndine! Malume wake ndinakakhala nkhoswe ya mbalame.

Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, n'chimene chikundiwawa. Eddie akufuna kuchipachika kuntchito, ine ndikulephera n'kuchiyang'ana komwe.

Tsono ndili ndi pempho limodzi. Chitisiyireni amalume, mwakhala mukundiuza kuti unkhoswe umafuna munthu woti n'kumugogodera chitseko, ine n'kumakana kuti Thom ndi mwana. Mwana wanji wa imvi m'ndevu? Zoona zake n'zakuti ndinkangokonda kutchedwa mwini mbumba ndikakhala pakati pa anzanga kuno. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mukangolandira kalatayi, itanani abale muwauze kuti mawu anga ndawapereka kwa Thom. Asadikire kuti akuchimuna abwerenso, apite yekha ku Ntcheu akapepese, ndipo akanene poyera kuti Japhet tamulandira ndi manja awiri. Akakamufunsa kumene ine ndinali, akanene zoona. Bola andiseke ine kusiyana n'kuti aziganiza kuti pali chimene tikubisa pa mwana wathu. Tsiku la chinkhoswe mpando uja mudzautulutsenso, koma musadzaikepo foni. Mudzakhazikepo Thom.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ku Nathenje ndi ana onse. Ethel akupereka moni, ndipo akuti ali mbali yanu. Kwa Thom munene kuti mkulu wake akupereka moni kwa ankhoswe athu. Tiyanjane musamukakamize kundilankhula, mungomuuza kuti tsiku limene adzaimbe, ndidzayankha.

Ine mlongo wanu,
Dunstan,
malume wa Tiyanjane ngati akundifunabe.